Galimoto Yakale Siifa ndi Ukalamba

Chaka ndi chaka msika wa fodya ukatsegulidwa, kawirikawiri m'mwezi wa April, m'misewu yopita ku Kanengo, ku Limbe, ku Chinkhoma ndi ku Mzuzu mumaoneka chinthu chomvetsa chisoni. Pikiapu yaima m'mbali mwa msewu, boneti ili yasa, nthambi zamasamba zaikidwa kutsogolo ndi kumbuyo, ndipo mwini wake wakhala pamthunzi atagwira tsaya. Kumbuyo kuli mabelo amene iye ndi banja lake awavutikira kuyambira pa nazale mpaka m'chigafa. Tsiku limene anayenera kupereka fodya wake likudutsa iye ali pomwepo, ndipo mawa adzalipira lole ya mnzake kuti idzatenge katunduyo.

Mukamufunsa chimene chachitika, yankho limakhala limodzi lomwelo: "Galimotoyi yakalamba, achimwene." Ife sitivomereza yankho limeneli msanga. Pikiapu za Nissan 1400 zinaleka kupangidwa ku South Africa m'chaka cha 2008, ndipo Peugeot 404 yomaliza ya ku Kenya inatuluka mu 1991, koma pali alimi amene galimoto za msinkhu wotere zikuwatumikirabe. Injini yakale imaphedwa ndi zinthu zitatu: oyilo wotha ntchito, fumbi, ndi kutentha. Zonse zitatuzi mlimi angathe kuziletsa yekha pakhomo pake, ndi sipanala zochepa ndi kansanza koyera.

Nkofunika kukumbukiranso kuti galimoto ya mlimi siyenda monga ya munthu wa m'tauni. Ya m'tauni imayenda pang'ono tsiku lililonse pa tala, yopanda katundu. Ya mlimi imagona pakhomo dzinja lonse, ndipo masika akafika imadzutsidwa mwadzidzidzi kuti isenze mabelo, chimanga, mtedza ndi nkhuni m'misewu yafumbi. Ng'ombe ya pangolo mutaigwiritsa ntchito motere osaipatsa chakudya ndi madzi, mukudziwa nokha chimene chingachitike.

Mukangoigula

Alimi ambiri amagula galimoto ndalama za fodya zikangolowa, ndipo zambiri mwa galimotozi zinayenda kale zaka zambiri ku Japan kapena ku South Africa, kapena zadutsa m'manja mwa anthu atatu kapena anayi kuno konkuno. Wogulitsa amanena kuti sevesi anachita sabata yatha. Mumveni mwaulemu, koma musadalire mawu akewo. Musadalirenso manambala a makilomita amene akuoneka kutsogolo kwa chiwongolero, pakuti manambala amenewa amabwezedwa m'mbuyo mosavuta.

Chomwecho musanathe ndalama zonse pa galimotoyo, patulani zina zoti musinthire oyilo, masefa onse atatu, la oyilo, la mpweya ndi la mafuta, ndiponso madzi a mu rediyeta. Walira mvula walira matope. Funsaninso makaniko wodziwa ntchito ngati injini yanu ili ndi tcheni kapena lamba wa taimingi. Nissan 1400 ndi Peugeot 404 za petulo zili ndi tcheni, chimene chimakhalitsa ndipo chimayamba kusokosa chikatha. Koma Toyota Hilux za dizilo za injini ya 2L ndi 3L, pamodzi ndi galimoto zina zambiri, zili ndi lamba wa mphira amene ayenera kusinthidwa pa makilomita 100,000, ndipo lamba ameneyu sachenjeza. Akaduka injini ikuyenda, mapisitoni amamenya mavalavu, ndipo ntchito yokonza imadya ndalama za mabelo angapo. Ngati palibe umboni wakuti anasinthidwa, musintheni.

Tsiku lomwelo gulani kabuku kakang'ono ka ana a sukulu ndi kukasunga m'galimoto. Lembanimo tsiku, makilomita, ndi chimene mwachita. Mlimi amene amadziwa tsiku limene anafesa nazale ndi tsiku limene anathira feteleza sangalephere kulemba tsiku limene anasintha oyilo. Inu amene munasonkherana pa kalabu kugula galimoto imodzi, kabukuka ndiko kadzakuthetserani milandu, popeza galimoto ya anthu ambiri aliyense amayesa kuti mnzake ndiye wayang'ana.

Oyilo

Injini ikamazungulira maulendo 3,000 pa mphindi imodzi, pisitoni iliyonse imakwera ndi kutsika ka 50 pa sekondi. Chimene chimaletsa zitsulozi kudyana ndi oyilo wopyapyala kuposa pepala amene amakhala pakati pake. Oyilo yemweyo amachotsanso kutentha ndi kunyamula zinyalala kupita nazo ku sefa. Akachepa kapena akatha mphamvu, zitsulo zimakhudzana, ndipo mapeto ake ndi aja timati injini yanoka.

Yezani oyilo m'mawa musanalize injini, galimoto ili pamalo athyathyathya. Solani kachitsulo koyezera, kaja amakaniko amati dipisitiki, kapukuteni, kabwezereni mpaka kumapeto, ndipo kasoleninso. Oyilo akhale pakati pa mizere iwiri, kufupi ndi wapamwamba. M'galimoto zambiri kuchokera pa mzere wapansi kufika wapamwamba pamalowa pafupifupi lita imodzi, choncho musakhuthulire botolo lonse nthawi imodzi. Thirani pang'ono, dikirani, yezaninso. Oyilo wopitirira muyeso amachita thovu ndipo amaphulitsa timphira totsekera, kenaka injini imayamba kudontha.

Poyezapo musangoona muyeso wokha. Ikani kadontho pa chala ndi kukatikita. Ngati mukumva timchenga, oyiloyo watha. Ngati akuoneka ngati tiyi wamkaka, madzi akulowa mu oyilo, ndipo kawirikawiri ndiye kuti gasiketi ya hedi yapsa. Galimoto yotere isayende kufikira makaniko ataiona. Ngati muyeso ukukwera wokha inu osathira, ndipo oyilo akununkha petulo kapena dizilo, mafuta akutsikira mu sampu. Koma eni galimoto za dizilo asadabwe kuona oyilo atada patangopita masiku ochepa chisinthireni. Ndi mmene injini ya dizilo imachitira, ndipo kuda kokha si chizindikiro chakuti oyilo watha.

Pali maganizo ena ofala amene awononga injini zambiri. Anthu amati, popeza galimoto yanga imadya oyilo ndipo ndimathira watsopano sabata iliyonse, palibe chifukwa chosinthira. Kuteroko kuli ngati kuthira madzi oyera mumtsuko wa matope osautsuka. Zinyalala zimatsala pansi, sefa imadzaza, ndipo ikadzaza oyilo amalambalala nkumazungulira wosasefedwa. Kwa galimoto yakale yoyenda m'fumbi ndi katundu, sinthani oyilo pamodzi ndi sefa yake pa makilomita 5,000 aliwonse, kapena miyezi 6 ikatha ngakhale makilomitawo asanakwane. Kwa mlimi izi zitanthauza kamodzi msika usanayambe, cha mu March, ndi kamodzi msika utatha.

Ntchitoyi si yovuta. Lizani injini kanthawi kuti oyilo afunde, izimitseni, ikani beseni pansi ndi kumasula bawuti ya sampu. Siyani oyilo atsike yense. Pochotsa sefa yakale onetsetsani kuti kamphira kake sikanatsale kokakamira pa injini, chifukwa timphira tiwiri tikasanjikizana oyilo yense amatha pamtunda wochepa. Pakani oyilo pang'ono pa kamphira ka sefa yatsopano ndi kuimanga ndi manja okha. Bawuti ya sampu musaimange ngati ya tayala, mungawononge mazinga ake. Mukathira oyilo watsopano lizani injini, onani kuti nyali yofiira ya oyilo yazima, suzumirani pansi ngati pakudontha, ndipo yezaninso injini itazima kwa mphindi zingapo. Musalowe pansi pa galimoto imene yaima pa jeke yokha, ndipo njerwa si zodalirika; zipika zamtengo zolimba ndizo zabwino.

Za mtundu wa oyilo, tsatirani buku la galimotoyo ngati lilipo. Injini zakale za petulo zimagwirizana ndi 20W-50, ndipo za dizilo 15W-40 wolembedwa kuti ndi wa dizilo. Galimoto zing'onozing'ono za ku Japan za zaka zaposachedwa zimafuna oyilo wopepukirapo monga 5W-30. Gulani oyilo wa m'chigubu chomata bwino. Uja wogulitsidwa m'mabotolo a zakumwa m'mbali mwa msewu palibe angakuuzeni kumene wachokera, ndipo wina amakhala oyilo wakale amene angomusefa pa nsalu.

Za nyali yofiira ija tinenepo mawu amodzi. Ikayaka mukuyenda, imani pomwepo ndi kuzimitsa injini. Musati ndikafike pa sitolo apo. Wolemba nkhani ino anakwerapo pikiapu ina imene mwini wake anamata kapepala pa nyali imeneyi, ati inali kumuthobwa m'maso usiku. Tinatsiriza ulendowo wapansi.

Oyilo wakale musamutaye kudambo, kudimba kapena pafupi ndi chitsime, ndipo musamupake pa zilonda za ziweto monga amachitira ena. Musungeni m'chigubu chotseka, kutali ndi ana ndiponso kutali ndi chigafa.

Fumbi

Kuti injini ipsereze lita imodzi ya petulo imakoka mpweya pafupifupi malita 10,000, ndiye kuti migolo 50 ya malita 200. Tsono ganizirani mpweya wa pamsewu wa kumudzi m'mwezi wa August, lole itangokudutsani. Fumbi limenelo ndi mchenga wosalala, ndipo likalowa mu injini limasakanizana ndi oyilo nkumapala maringi ndi makoma a masilinda monga mwala wonolera mpeni. Injini imene yamwa fumbi imayamba kudya oyilo, kufuka utsi ndi kufooka pamtunda. Mlonda wake ndi sefa ya mpweya basi.

M'chilimwe itsegulani sabata iliyonse. Ngati ndi ya pepala, igogodeni pang'onopang'ono pa dzanja kuti fumbi ligwe; musaimenyetse pa tayala kapena pa mwala, ndipo musaichape. Iyang'anitseni kudzuwa: kuwala kukamaonekera mofanana paliponse ili bwino, koma mukaona kabowo ngakhale kang'ono ngati ka singano, kapena mdima wokhawokha, gulani ina. Pukutani m'kati mwa chibokosi chake ndi nsalu yonyowa, fumbi lisagwere m'njira yopita ku injini. Galimoto zina zakale kwambiri, monga Land Rover za kale, zili ndi sefa ya mbale ya oyilo. Imeneyo muitsuke ndi palafini, iume, ndipo muthiremo oyilo watsopano kufika pa mzere wake.

Ambiri amaiwala paipi ya mphira yochokera ku sefa kupita ku injini. Ikang'ambika kunsi kumene diso silifika, fumbi limalowera pamenepo ndipo sefa yanu yatsopano ikhala yopanda ntchito. Ipapaseni ndi dzanja. Ndipo makaniko amene angakuuzeni kuti muchotse sefa kuti galimoto ipume bwino, musapitenso kwa iye.

Madzi ndi kutentha

Dziko lathu lili ndi mitunda imene imayesa injini: wa Chiweta ku Rumphi, wochokera ku Golomoti kukwera ku Masasa, wochokera ku Chikwawa kukwera ku Blantyre, ndi wa ku Salima polowera ku Lilongwe. Ndi m'malo otere mmene galimoto yosasamalidwa imawira. Oyilo woipa amapha injini pang'onopang'ono, koma kuwira kungaiphe tsiku limodzi, pakuti hedi ikatenthedwa kwambiri imapindika kapena kung'ambika.

Onani madzi m'mawa uliwonse injini ili yozizira. Ngati mukuwonjezera tsiku ndi tsiku, penapake pakudontha, ndipo funani malowo m'malo mozolowera kuyenda ndi chigubu. Finyani mapaipi a rediyeta. Yolimba gwa ngati mtengo, yofewa ngati nthochi yakupsa, kapena yotupa pafupi ndi chomangira, isintheni isanaphulike. Dinani lamba wa fani ndi chala chachikulu pakatikati pake. Alowe pafupifupi sentimita imodzi. Wokhwefuka amalira ndipo sazunguza bwino pampu ya madzi, pamene womangitsa amapha mabering'i. Kumasika njere za udzu, mankhusu ndi tizilombo zimatseka timipata ta kutsogolo kwa rediyeta, makamaka kwa inu amene mumalowa ndi galimoto m'munda. Zichotseni ndi burashi yofewa kapena ndi madzi kuchokera mbali ya injini, osati ndi waya.

Madzi amene mumathira ali ndi kanthu. A pa mjigo m'madera ambiri ali ndi mchere umene umaundana m'kati monga muja muonera m'ketulo, ndipo a kudambo ali ndi matope. Madzi a mvula oyera ndiwo abwino, ndipo muwasakanize ndi mankhwala a mu rediyeta aja amati kulanti. Ena amati mankhwalawa ndi a kumaiko ozizira kumene madzi amauma. Nzoona kuti amathandiza kumeneko, koma kuno ntchito yake yaikulu ndi kuletsa dzimbiri ndi kuchititsa kuti madzi asawire msanga. Mukatsegula rediyeta nkupeza madzi ofiira ngati a mumtsinje wosefukira, dziwani kuti injini ikudyeka m'kati. Tsanulani onse, tsukani, ndi kuthira atsopano, ndipo muzichita zimenezi zaka ziwiri zilizonse. Kuthira ufa kapena dzira kuti rediyeta ileke kudontha kumatseka bowo limodzi pamodzi ndi timapaipi tambiri tabwino.

Chivundikiro cha rediyeta ndi kanthu kotsika mtengo kamene ntchito yake ambiri saidziwa. M'mphepete mwa nyanja yamchere madzi amawira pa madigiri 100, koma malo okwera amawira msanga. Ku Lilongwe, kumene kuli pamtunda wopitirira mamita 1,000, amawira cha pa madigiri 96 kapena 97. Injini ikamagwira ntchito madzi ake amakhala kale pakati pa 80 ndi 90, choncho mpata wotsala ndi wochepa. Chivundikiro chabwino chimapanikiza madziwo kuti asawire kufikira cha pa madigiri 120. Kamphira kake kakatha kapena sipuling'i ikafooka, mpata umenewu umatayika, ndipo galimoto imawira pamtunda woyamba ngakhale zina zonse zili bwino. Amene amatseka rediyeta ndi chitsononkho kapena nsanza aganizirepo bwino.

Palinso chizolowezi chochotsa themositati, ati dziko lathu nlotentha. Ife tikuti ichi ncholakwa. Kachipangizo kameneka kamathandiza injini kufunda msanga ndi kukhala pa muyeso umodzi. Kakachotsedwa, injini imayenda yozizira m'mawa wa June ndi July, imamwa mafuta ambiri ndipo imadyeka msanga. Ngati galimoto ikuwira, funani chifukwa chenicheni; ngati themositati yafa, ikani ina.

Muvi wa geji ya kutentha ukayamba kukwera muli pamtunda, patukani pamalo abwino. Ngati madzi sakutayika ndipo fani ikuzungulira, siyani injini ilire pang'onopang'ono kwa mphindi zochepa kuti izizire. Ngati nthunzi ikutuluka kapena lamba waduka, zimitsani. Musatsegule chivundikiro. Anthu ambiri apsa nkhope ndi manja pochita changu pamenepa. Dikirani theka la ola kapena kupitirira, phimbani chivundikiro ndi chiguduli, chipotozeni pang'ono kuti mpweya uyambe watuluka, ndipo thirani madzi pang'onopang'ono injini ikulira. Madzi ozizira okhuthulira mu injini yamoto amang'amba hedi monga momwe amasweka mphika wadothi.

Kunena zoona, kuwira kwambiri kumayamba ndi katundu. Pikiapu ya tani imodzi ndi ya mabelo 10 a makilogalamu 100, kapena matumba 20 a feteleza a makilogalamu 50, osawerengera anthu okhala pamwamba. Mukakwera mtunda tsitsani giya msanga, injini isamabuule. Ndipo potsetsereka musazimitse injini pofuna kusunga mafuta. M'galimoto zambiri mabuleki amalimba injini ikazima.

Mafuta

Petulo wa lero si yemwe galimoto zakale zinapangidwira. Dziko la Malawi linayamba kusakaniza petulo ndi ethanol wochokera ku nzimbe m'chaka cha 1982, pamene fakitale ya ku Dwangwa inayamba ntchito, ndipo ina inatsegulidwa ku Chikwawa mu 2004. Petulo wotere amayaka bwino, koma ethanol amakoka chinyezi, ndipo amaumitsa mapaipi ena akale a mphira. Choncho yang'anani mapaipi a petulo kawirikawiri, ndipo mukamva fungo la petulo pansi pa boneti musalize injini mpaka mutapeza pamene pakuchokera. Chinanso, maiko a chigawo chino cha Africa analeka petulo wa mtovu pofika kuchiyambi kwa 2006. Zinali zabwino pa umoyo wa anthu, koma injini zina zakale kwambiri zinkadalira mtovuwo kuteteza pokhalira mavalavu. Eni galimoto zotere azipempha makaniko kuyeza matapeti kamodzi pachaka.

Mafuta akasowa, monga zinachitikira mu 2011 ndi 2012 ndiponso m'zaka za kuyambira 2022, mlimi amakakamizika kugula a m'zigubu. Ena mwa mafuta amenewa amakhala ndi madzi, zinyalala kapena palafini. Ngati palibe kuchitira mwina, asiyeni akhazikike, athireni kudzera pa nsalu yoyera yothina, ndipo a pansi pa chigubu muwasiye. Injini ya dizilo ndiyo imavutika koposa, chifukwa pampu ndi manozulo ake ndi zosalala kwambiri ndipo mtengo wake ndi woopsa. Pansi pa sefa ya dizilo pamakhala kabawuti kotulutsira madzi. Kamasuleni kamodzi pamwezi, madzi atuluke mpaka dizilo woyera aoneke, ndipo kamangeninso. Musalole thanki kuuma, pakuti pampu imakoka zinyalala za pansi pamodzi ndi mpweya. Zikatero, popani kapampu ka pamanja ka pamwamba pa sefa mpaka kalimbe, m'malo mokakamiza sitata mpaka batire kutha.

Mapulagi a injini ya petulo amanena zambiri kwa woyang'ana. Nsonga yotuwa mofiirira isonyeza kuti zonse zili bwino. Yakuda ndi mwaye wouma isonyeza kuti petulo akuchuluka kapena sefa ya mpweya yatsekeka. Yonyowa ndi oyilo isonyeza kuti maringi atha. Yoyera mbuu isonyeza kutentha kopitirira. Mapulagi wamba asintheni cha pa makilomita 20,000, ndipo chotsani waya umodzi umodzi kuti musasokoneze dongosolo lake. Galimoto zimene zikadali ndi mapointi zifuna kuti mpata wake uyezedwe ndi choyezera chake, osati ndi diso. Utsi nawo umalankhula: wobiriwira ndi oyilo amene akupsa, wakuda ndi mafuta ochuluka kapena mpweya wochepa, ndipo woyera wosaleka injini itafunda ndi madzi amene akulowa m'masilinda.

Za batire, tikudziwa kuti m'midzi yambiri limagwira ntchito ziwiri: usana kugalimoto, usiku kuwailesi, kunyali ndi kutchaja mafoni a mudzi wonse. Batire la galimoto silinapangidwire kutha mpaka pansi, ndipo mukalichita zimenezi kangapo limafa. Ngati ndi la zitsekerero, madzi ake aziphimba timbale ta m'kati. Wonjezerani madzi a batire okha, osati asidi kapena a pachitsime. Zoyera zoundana pa mitu yake zichotseni ndi madzi ofunda osakaniza ndi soda, ndipo pakanipo girisi pang'ono. Pomasula yambani ndi waya wa chizindikiro chochotsera, ndipo pomanga mutsirize ndi womwewo. Limangeni lisagwedezeke m'mabampu.

Dzinja likafika

Mvula ikayamba ndipo misewu ikaipa, musangoiimika galimoto pansi pa mtengo nkuiiwala. Iikeni pansi pa denga, kutali ndi nkhokwe, chifukwa makoswe amakonda kumanga zisa pa injini ndi m'chibokosi cha sefa ya mpweya, ndipo amadya mawaya. Oyilo akhale watsopano, popeza wakale ali ndi asidi amene amadya zitsulo galimoto ili chiimire. Kamodzi pa sabata tsegulani boneti, onani za makoswe, ndipo ngati msewu ulola yendani nayo mpaka injini ifunde bwinobwino. Kungoiliza mphindi ziwiri nkuzimitsa kumathetsa batire ndi kusiya chinyezi m'kati. Ngati idzakhala mwezi wathunthu osayenda, masulani waya wa batire. Ndipo mukapeza mtsinje wadzaza, dikirani. Madzi akalowa pokokera mpweya injini imaima nthawi yomweyo ndipo zitsulo za m'kati zimapindika. Ikazimira m'madzi musayese kuilizanso, ikokeni.

Kwa inu olima m'maesiteti amene mulibe galimoto yanu koma mumachita hayala ya wina kuti inyamule mbewu zanu, palibe cholakwa kufika m'mawa ndi kuona dalaivala akuyeza oyilo ndi madzi musanakweze katundu. Galimoto ndi yake, koma mabelo amene adzagone panjira ndi anu.

Ulendo wa kumsika ukonzekereni kukali sabata ziwiri, kuti chimene chapezeka cholakwika chikonzedwe popanda phuma, ndiponso kuti muiyese galimotoyo pa ulendo waufupi ikachoka kwa makaniko. Pemphani kuti akuonetseni zipangizo zakale zimene wachotsa. Pa tsiku la ulendo tengani lamba wa fani wapadera, lita imodzi kapena awiri a oyilo, malita 5 a madzi oyera, sipanala, pulayala, waya pang'ono, tochi ndi chiguduli. Zigubu za oyilo ndi za mafuta zisayandikane ndi fodya. Tsamba la fodya limakoka fungo msanga, ndipo belo lonunkha dizilo ogula amalibweza. Tsukani kumbuyo kwa pikiapu, kuume, yalanipo mphasa kapena lona woyera, ndipo zigubuzo muziike kutsogolo, kumapazi a wokhala pambali pa dalaivala, zitatsekedwa bwino.